Supavaiza wabweza pulopozo kawiri: mutu wa nsalu zosakaniza ndi waukulu kwambiri

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene akuchita digiri ya masitazi pa sayansi ya nsalu ndi mapolima (zinthu za mamolekyu ataliatali, monga pulasitiki). Maphunziro a m'kalasi anamaliza, tsopano afika poti achite kafukufuku wawowawo, ndipo apatsidwa miyezi 6. Mtima wawo uli pa nsalu zosakaniza thonje ndi poliyesita, kuti zikatha ntchito zizikonzedwanso m'malo mozitaya kudzala. Supavaiza wawabwezera pulopozo kawiri, akuti mutuwo ndi waukulu kwambiri. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi ndingousiya? Nanga ndikauchepetsa, kafukufuku wanga sakhala wopanda phindu?"

Achemwali, mutuwo musausiye. Koma asupavaiza anuwo akunena zoona, ndipo akukuchitirani chifundo kukuuzani pano, musanataye miyezi itatu.

Taonani chimene mwanyamula. Thonje ndi selulozi, polima wa m'zomera, ndipo mukaliwotcha silisungunuka, limangopsa. Poliyesita amasungunuka pa madigiri pafupifupi 255. Mu ulusi wosakaniza, tiulusi ta mitundu iwiriyi tapotedwa pamodzi, moti simungatilekanitse ndi dzanja kapena ndi sefa. Kawirikawiri, kuti mupulumutse chimodzi, chinacho chiyenera kuphwanyidwa kapena kusungunulidwa. Asidi amadya thonje n'kusiya poliyesita. Soda wamphamvu kapena mankhwala otchedwa glycol, akakhala otentha, amadula poliyesita. Pamwamba pa izo pali utoto, ndipo thonje ndi poliyesita sizilandira utoto wofanana: thonje limanyikidwa mu utoto wofuna mchere ndi soda, pamene poliyesita amafuna utoto wina umene umalowa bwino pa madigiri 130 mu chotengera chotsekedwa. Nsalu zina zilinso ndi elastane pang'ono wozipangitsa kutamuka. Chilichonse mwa izi chingadye zaka zitatu za munthu wa PhD. Inu muli ndi miyezi 6, ndipo mwezi womaliza ndi wolemba.

Ndiye chitani izi. M'malo mofunsa kuti nsalu zosakaniza tingazikonzenso bwanji, funsani funso limene sikelo ndi makina angakuyankheni. Mwachitsanzo: tikachotsa thonje ndi asidi, kodi poliyesita wotsalayo amawonongeka motani kutentha kukamakwera? Nsalu ikhale ya mtundu umodzi, yoyera, yosanyikidwa mu utoto. Asidi akhale mmodzi, nthawi ikhale imodzi. Chosintha chikhale kutentha kokha, mwina magawo atatu kapena anayi. Funso limeneli likuoneka laling'ono, koma lili pachimake penipeni pa vuto limene likukusowetsani tulo, chifukwa poliyesita wophwanyika sangapotedwenso kukhala ulusi wolimba.

Mphamvu ya ulusi wa polima imachokera mu utali wa mamolekyu ake, amene ali ngati unyolo wautali kwambiri. Hermann Staudinger, wasayansi wa ku Germany, atanena zimenezi mu 1920, akatswiri anzake ambiri anamutsutsa, ndipo mphoto ya Nobel anadzailandira mu 1953. Lero ndi pamene tonse timayambira. Poliyesita amene Whinfield ndi Dickson anapanga ku England mu 1941 ali ndi mfundo zolumikiza unyolowo zimene madzi amatha kudula pakakhala kutentha. N'chifukwa chake musanamusungunule mu makina opangira ulusi, mumayenera kumuumitsa kwa maola angapo mpaka chinyezi chitheretu. Mukachita mphwayi pamenepa, unyolo umaduka muli momo mu makina, ndipo mudzaganiza kuti asidi ndiye wawononga, chonsecho ndi madzi. Muyezo umene ungakuuzeni utali wa unyolo mosavuta ndi intrinsic viscosity, kutanthauza kuyeza mmene polima wosungunulidwa mu mankhwala akuchedwetsera kuyenda kwa mankhwalawo. Musaulembe mu pulopozo musanaone ndi maso anu kuti zipangizo zake ndi mankhwala ake zilipo, chifukwa mankhwala osungunulira poliyesita ndi oopsa, ndipo si labu iliyonse imene imalola ophunzira kuwagwira.

Apa ndiye pali langizo langa lalikulu. Musanalembenso pulopozo, siyani kompyuta, mupite ku labu. Yendani chipinda ndi chipinda, mufunse kuti ndi makina ati akugwira ntchito lero, osati amene alembedwa pa kabuku ka dipatimenti. DSC, makina otenthetsa kachidutswa ka polima pang'onopang'ono, ikuuzani pamene polima akusungunuka ndi mmene mamolekyu ake ayalana. FTIR, makina ozindikira zinthu pogwiritsa ntchito kuwala, ikuuzani ngati selulozi watsalira. Makina okoka ulusi mpaka uduke akupatsani mphamvu yake. SEM, maikulosikopu yamphamvu yoonera tinthu tating'onoting'ono, imajambula bwino kwambiri, koma kawirikawiri pamakhala mzere wa anthu oidikira, ndiye musaike kafukufuku wanu wonse pa iyo. Ndipo tekinishani wa labuyo mumulemekeze, mumufunse, mumumvere. Iye ndi amene akudziwa khalidwe la makina aliwonse. Mu 1965 Stephanie Kwolek, wasayansi wa ku kampani ya DuPont ku America, anapeza madzi a polima opyapyala, ooneka ngati a mbuu, amene anthu ambiri akanangowataya. Woyendetsa makina opota anakana poyamba, poopa kuti atseka timabowo. Kwolek anamunyengerera mpaka analola, ndipo ulusi umene unatuluka ndi umene unadzakhala Kevlar, ulusi wolimba kwambiri wopangira zovala zoteteza ku zipolopolo.

Pali chinthu china chimene chinandipweteka ine ndemwe, ndipo sindifuna kuti chikuchitikireni. Ndili wophunzira, ndinayeza masampulo a nsalu ya thonje kwa masabata atatu. Manambala a Lolemba sankagwirizana ndi a Lachinayi, chonsecho nsalu ndi yomweyo. Ndinkaganiza kuti makina afa. Tsiku lina tekinishani anangondifunsa kuti masampulowo amagona kuti usiku. Ankagona mu chikwama changa. Thonje limamwa chinyezi cha mumpweya, pafupifupi 8 peresenti ya kulemera kwake, pamene poliyesita samwa n'komwe theka la peresenti imodzi. Thonje likanyowa limalimba, viscose (ulusi wa selulozi wopangidwa ku fakitale) ikanyowa imafooka. N'chifukwa chake muyezo wa padziko lonse wa ISO 139 umati nsalu iyezedwe mu mpweya wa madigiri 20 ndi chinyezi cha 65 peresenti, itakhala kaye mmenemo mpaka kulemera kwake kutasiya kusintha. Ntchito yonse ya masabata atatu ndinaiyambiranso. Kwa inu nkhaniyi ndi yaikulu kuposa, chifukwa mudzadziwa kuchuluka kwa thonje lachoka poyeza kulemera, ndipo chinyezi chokha chingakunamizeni.

Sungani chidutswa cha nsalu chimene simunachichite kalikonse, ndi china cha poliyesita yekhayekha chodutsa mu asidi yemweyo. Popanda ziwirizi, simudzatha kunena kuti kusinthako kwabwera chifukwa cha chiyani. Muyezo uliwonse ubwerezedwe kangapo. Lembani kukula kwa ulusi mu tex, kutanthauza magalamu a ulusi wotalika mamita 1,000, ndipo samalani powerenga mapepala a ena, chifukwa ena amalemba denier, amene ndi magalamu a mamita 9,000. Asidi wa sulfuric wa 75 peresenti, amene amagwiritsidwa ntchito poyeza kuchuluka kwa thonje mu nsalu yosakaniza, si wamasewera: magalasi m'maso, magolovesi m'manja, ndipo asidi ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi.

Za mantha anu oti kafukufuku wochepa ndi wopanda phindu, ndikuuzeni kuti oyesa mayeso safunsa ngati mwapulumutsa dziko. Amafunsa ngati funso lanu likumveka, ngati njira yanu munthu wina angaibwereze, ndiponso ngati mukumvetsa chimene manambala anu akunena. Mukapeza kuti pa kutentha kwina poliyesita amawonongeka moti sangapotedwenso, chimenecho ndi chotsatira chenicheni, ndipo amene adzabwere pambuyo panu sadzatayanso nthawi pamenepo. Loto lanu lalikulu lija likhale m'mawu oyamba a lipoti, pamene mukufotokoza chifukwa chake funso laling'onoli likufunika.

Sabata ino pitani ku labu ndi kope, mulembe makina amene mungawagwire ndi masiku amene mungawapeze. Kenako lembani funso lanu mu chiganizo chimodzi, mupite nalo kwa asupavaiza musanalembe masamba ena 10. Ngati mungakonde, nditumizireninso chiganizocho pamodzi ndi mndandanda wa makinawo, tidzachione limodzi.