Musathamangire PS5 achimwene

Achimwene mwafunsa ngati mugule PS5 (PlayStation 5, makina osewerera magemu a Sony) pomwe inu mumangomenya gemu ya mpira ya FIFA Loweruka ndi anzanu basi, ine ndikuti ayi, sakani PS4 yasekondihandi yomwe ikuwerenga disiki bwinobwino, makontirola awiri, chenji mugulire mabandulo.

Nkhani ndi yoti makampani opanga makina a magemuwa anasiya kalekale kuthamangira anthu ngati ife osewera mwa apo ndi apo. Mukukumbukira Wii ya Nintendo ya 2006 ija? Inagulidwa zoposa 100 miliyoni chifukwa ngakhale agogo amatha kumenya tenisi pongogwedeza dzanja pabalaza. Atatulutsa Wii U mu 2012 anapeza anthu aja asamukira pa foni akuswa Candy Crush mwaulere, sinafike ndi 14 miliyoni yomwe. Nintendo Switch ya 2017 inawabwezako ena poti umatha kuyenda nayo, koma Sony ndi Microsoft akusaka munthu wolipira mwezi ndi mwezi, wogula chilichonse pa intaneti. Ndiye onani, PS5 inatuluka 2020 koma m'malo motsika mtengo ngati makina akale, mu 2025 anaikweza, PS5 Pro inayambira pa madola 699 yopanda ndi polowetsa disiki pomwe, ukagule padera. Microsoft nayo yayamba kutumiza magemu ake ngati Forza Horizon 5 ku PlayStation, zikuonetseratu kuti bokosi lawo la Xbox sakulidalira kwambiri.

Pa disiki pamenepa ndi pomwe ndikufuna mumvetse. Xbox Series S imaoneka yotchipa eti, koma ilibe polowetsa disiki, gemu iliyonse ndi kudawunilodi ndipo zina ngati Call of Duty zimapyola 100GB, kuno kwathu bandulo yake mutuluka nayo thukuta, magetsi akangothima pakati ndiye kudikira mpaka mawa. Disiki mumabwerekana ndi anzanu, mukatopa nayo mumagulitsa kapena kusinthanitsa, gemu yogula pa akaunti imakhala pomwepo simungaigulitse.

FIFA yo inasintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC, ndipo FC 24 ndi FC 25 zonse zilipo pa PS4, poti anthu oposa 117 miliyoni anagula makinawo sangawataye msanga. Kusewera awiri pa TV imodzi sikufuna PS Plus, umembala wolipira wa Sony, imafunika mukafuna kulimbana ndi anthu pa intaneti. Komanso ngati ndi mpira wokha eFootball ndi yaulere, pa foni pomwe ilipo, yambani mwayesa imeneyo.

PS5 igulenitu ngati mtima uli pa gemu ya GTA 6 (Grand Theft Auto 6), imeneyo pa PS4 sibwera. Pogula PS4 yo muuzeni wogulitsa ayiyatse pamaso panu kwa theka la ola, mumve ngati fani ikulira ngati chigayo, muone polowetsa HDMI (chingwe chopita ku TV) ngati sipakugwedera, ndipo timitengo ta kontirola tisamayende tokha musanatigwire.