Mwaitanidwa kukagwira pa makina m'fakitale: yankho kwa mnyamata wa ku Kanyama

Sabata ino ndalandira imelo yochokera kwa mnyamata wina wa ku Kanyama, ku Lusaka. Anamaliza Giredi 12, wakhala akugwira maganyu otsitsa katundu ku msika wa Soweto, ndipo tsopano fakitale ina ya zakumwa ku Heavy Industrial yamuitana kuti akayambe ngati opareta, woyendetsa makina. Amuuza kuti ayamba ndi miyezi itatu yoyesedwa, mashifiti a maola 12, usana ndi usiku mosinthana. Amalume ake akumuletsa, ati ntchito imeneyo ndi yongodina batani, munthu amakalambira pomwepo. Funso lake ndi lakuti apite, kapena adikire mwina ndalama za koleji zingapezeke.

Pitani, mng'ono wanga. Koma mawu a amalume anu musawataye, chifukwa zimene akunenazo ine ndaziona ndi maso. Alipo anthu amene aima pa makina amodzi zaka zambiri, koma makinawo akangoima amapinda manja n'kudikira fita, mmisiri wokonza makina. Alipo enanso amene analowa nawo limodzi, lero ndi akapitawo a shifiti. Onsewo anali pa laini imodzi ya makina. Enawo anangoyamba msanga kufunsa chifukwa chimene makina aimira, basi.

Ndiyambe ndi ntchito yeniyeniyo. Pa laini ya zakumwa pamakhala makina otsatizana: ofufumitsa mabotolo apulasitiki, odzaza chakumwa, otsekera zivundikiro, omata mapepala a dzina, odinda deti, ndi okulunga mabotolo m'mapaketi. Inu adzakupatsani gawo limodzi. Mukafika, musanavale n'komwe magulovu, mumakumana ndi amene akuweruka kuti akuuzeni mmene makina ayendera, pamene anavuta, ndi zimene anasintha. Mphindi zimenezo ndi zamtengo wapatali kuposa zina zonse pa shifiti, ndipo atsopano ambiri amazitaya pocheza pa geti. Kenako maso anu amakhala pa botolo: kodi ladzaza mpaka pa mulingo, chivundikiro chamanga, deti likuwerengeka? Deti likalakwika kwa theka la ola inu osaona, mapaleti onse a nthawi imeneyo amaimitsidwa, ndipo pa pepala la shifiti pali dzina lanu. Palinso kusintha makina kuchoka pa botolo laling'ono kupita pa lalikulu, kutsuka mapaipi ndi mankhwala owotcha a caustic, ndi kulemba mphindi iliyonse imene laini yaima pamodzi ndi chifukwa chake. Ntchito yodina batani siikhala yotere.

Bukhu lolembamo kuima kwa makina ndi limene lidzakuphunzitseni. Mukalemba mosamala mwezi wathunthu, mudzayamba kuona kuti makina anu amaima nthawi zofanana pa zifukwa zofanana. Mwina sensa, kachipangizo kozindikira botolo likamadutsa, yachita fumbi, mwina mphepo ya kompresa imachepa laini ina ikayatsidwa, mwina lamba walefuka. Fita akabwera, imani pambali pake, mum'patse sipanala, mufunse chimene wapeza. Ambiri a iwo amakondwa kuphunzitsa munthu amene amawalemekeza. Tsiku limene mudzanene kuti "Madala, ndikuganiza kuti ndi sensa ya kumanzere ija," iwo n'kupeza kuti ndi yomweyo, akapitawo adzayamba kukutchulani dzina.

Tsopano za maola 12. Lamulo la ntchito, Employment Code Act ya 2019, limati sabata ya ntchito ndi maola 48. Mashifiti anayi a maola 12 akwanitsa kale sabata. Zopitirira apo ndi ovataimu, yolipidwa kamodzi ndi theka, ndipo pa holide ya boma kapena pa tsiku lanu lopuma, ngati tsikulo silili m'sabata yanu ya ntchito ya nthawi zonse, imakhala kawiri. Choncho musanasaine funsani mwaulemu mmene mashifiti amazungulirira, ndipo muzilemba maola anu m'kabuku kanu. Lamulo lomwelo limati kuyesedwa ndi miyezi itatu, ndipo akawonjezera asapitirire ina itatu. Pa peyisilipi muone kuti NAPSA, bungwe la penshoni, akudula 5 peresenti, kampani n'kuikapo 5 yake, ndipo NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo, ndi 1 peresenti mbali iliyonse. Musakhutire ndi zolembedwazo. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu yang'anani ku NAPSA ngati ndalamazo zikufikadi pa nambala yanu, chifukwa kudula ndi kutumiza ndi zinthu ziwiri zosiyana. Za Workers' Compensation, thumba la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito, amalipira ndi olemba ntchito okha, inu sakudulani kanthu. Popeza ndi fakitale ya zakumwa, adzafuna satifiketi ya chipatala ya ogwira zakudya, imeneyo ndi yoyenera. Koma wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti dzina lanu likhale pa mndandanda, ameneyo ndi wakuba.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi thupi lanu. Makina sadziwa kuti ichi ndi chala, ichi ndi botolo. Botolo likakakamira, mtima umafuna kungolowetsa dzanja msangamsanga laini isaime, makamaka akapitawo akamayang'ana wotchi. Musatero, ngakhale ena akutero. Zimitsani, tsekani switchi ndi loko wanu, kiyi muike m'thumba mwanu, ndiye mulowetse dzanja. Ambiri tinaliphunziranso bwino lamuloli mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi akumazima maola ambiri pa tsiku. Makina oima chifukwa magetsi apita sanazime ayi. Magetsi akabwera kapena jenereta ikalira, makina ena amadzuka okha, munthu ali mkati akuchotsa zinyalala. Caustic nayenso si wocheza naye: akagwera m'diso, thamangirani pa mpopi, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenako kuchipatala. Ngozi iliyonse, ngakhale yaing'ono, ilembedwe tsiku lomwelo, chifukwa bala losalembedwa limavuta kulondola likadzakula.

Makutu ndiwo anthu amaiwala, poti satuluka magazi. Phokoso lofika madesibelo 85 kwa maola asanu ndi atatu tsiku ndi tsiku limawononga makutu pang'onopang'ono, ndipo akafa sabwereranso. Ngati mukufunika kukuwa kuti mnzanu amene ali pafupi amve, valani zotseka m'makutu. Anyamata amazikoleka m'khosi ngati mkanda, ndipo zimandiwawa ndikaona madala ena amene tinagwira nawo akulephera kumva adzukulu awo.

Shifiti ya usiku ndi yovuta, sindikubisirani. Tulo timabwera mwamphamvu cha m'ma 3 mpaka 4 koloko m'bandakucha, ndipo zolakwika zambiri zimachitika nthawi imeneyo. Kugona masana m'komboni, ana akusewera pa windo, wailesi ya aneba ikulira, n'kovutanso. Uzani apabanja kuti tulo tanu ta masana ndi mbali ya ntchito, asamakutumeni kukatunga madzi poti muli pakhomo. Nsima yambiri pakati pa usiku imakugwetsani, idyani pang'ono, imwani madzi. Funsaninso ngati kampani ili ndi basi ya ogwira ntchito. Kanyama ndi pafupi ndi Heavy Industrial, inde, koma kuyenda wapansi mdima usanathe, makamaka nthawi ya mvula njira zitadzaza madzi, si nkhani yoipeputsa.

Za koleji, musaganize kuti mukalowa m'fakitale mwatseka chitseko. Ndalama za koleji zimene mukudikirazo mwina zichokera m'malipiro omwewa. Muziika padera kangachepe mwezi uliwonse, ngakhale m'chilimba ndi anzanu odalirika. Pakatha chaka mudzakhala mukudziwa ngati mtima wanu uli ku zamagetsi kapena ku ufita, ndipo mudzasankha kosi mukudziwa chimene mukufuna. Pitani ku Industrial Training Centre kapena ku Lusaka Business and Technical College mukafunse makosi amene angagwirizane ndi mashifiti anu, mufunsenso za mayeso a luso (trade test) a TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Pepala limenelo, pamodzi ndi zaka za pa laini, limakutsegulirani mafakitale ena a ku Chinika, ku dera la mafakitale la Lusaka South MFEZ ngakhale ku Chilanga, chifukwa mamota, malamba ndi masensa ndi omwewo kaya mukupanga sopo, ufa kapena simenti.

Lolemba mukapita, tengani chitupa chanu cha NRC, satifiketi yanu ya Giredi 12, nambala ya NAPSA ngati muli nayo kale, ndi kabuku kakang'ono ndi bolopeni. Pemphani kope la mgwirizano umene mwasaina, mupite nalo kunyumba, amalume anu aliwerenge nawo. Mundilemberenso mukatha mwezi woyamba, mundiuze makina amene akupatsani, tidzakambirane zovuta zake.