Msambo ukaleka pambuyo pa kemo: yankho kwa mdzukulu wa ku Kapata

Mdzukulu wanga wina wa ku Kapata ku Chipata, mayi wa zaka 31 wa mwana mmodzi, wandilembera motere: "Agogo, ndinadwala khansa ya m'bere. Atandichita opaleshoni ndinalandira kemo, mankhwala a khansa a m'dripi aja, ku Lusaka. Tsitsi lameranso, koma kumwezi sindinapiteko chiyambire dripi yachiwiri, ndipo papita miyezi 7 chimalizire mankhwalawo. Usiku ndimadzuka nditanyowa ndi thukuta. Apongozi akuti ndakalamba msanga, mwana wawo afune wina. Azakhali akuti magazi anatsekeka m'mimba, ndikamwe zotsukira kwa asing'anga. Ena akuti ndisagonenso ndi mwamuna wanga chifukwa mimba idzatupa. Kodi ndidzaberekanso?"

Mwanawe, pepa. Wadutsa m'moto, ndiye uli mkati mopuma anthu akukusenzetsanso katundu wina. Khala pansi ndikuuze.

Ndiyambe ndi za azakhali ako, chifukwa ndi zimene zingakupweteke msanga. Palibe magazi amene atsekeka. Magazi a kumwezi sadikirira penapake m'mimba kuti atuluke. Mwezi uliwonse mahomoni ochokera m'timatumba ta mazira amalamula chiberekero kuti chiyale mkati mwake, ndipo mimba ikapanda kukhala, choyalidwacho ndicho chimatuluka. Timatumbato tikafooka, chiberekero sichiyala kanthu, ndiye chotuluka palibe. Zotsukira zija usamwe. Chiwindi ndi impso zako zangotha kumene kulimbana ndi mankhwala amphamvu, ndipo mizu yosadziwika muyeso ingazivulaze kapena kusokoneza mapilitsi amene ukumwa. Azakhaliwo amakukonda, uwathokoze ndi manja awiri, koma botolo lawo lisafike pakamwa pako.

Chimene chachitika n'chakuti kemo imasaka chilichonse chomakula mofulumira m'thupi. N'chifukwa chake tsitsi linathothoka, m'kamwa munachita zilonda. Mazira amene anali kukhwima anakhudzidwanso. Pa khansa ya m'bere nthawi zambiri amaphatikiza mankhwala ofiira aja, doxorubicin, amene amafiiritsa mkodzo, ndi ena otchedwa cyclophosphamide. Achiwiriwa ndiwo amapweteka kwambiri mazira. Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira ake onse, thupi silipanganso ena. Zili ngati nkhokwe imene inadzazidwa kamodzi kokha: moto ukalambula mbali yake, wa nkhokwe yodzaza amatsala nacho chakudya, koma amene inali itatsika kale amatsala m'manja. Ndiye zaka zimanena zambiri. Akazi osakwana zaka 35, ambiri msambo umabwerera, ena patatha miyezi ingapo, ena chaka, ena mpaka zaka ziwiri. Opitirira zaka 40, ambiri umalekeratu.

Iwe uli ndi zaka 31, miyezi yapita 7. Palibe munthu, kaya mpongozi kaya mlangizi, amene angaweruze nkhani yako lero. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa mkazi amene akuleka kusamba mwachibadwa, zaka zapakati pa 45 ndi 55, amati miyezi 12 ikatha osaona kanthu ndiye kuti basi. Kwa wolandira kemo lamulo limenelo silidalirika, chifukwa timatumba timatha kudzuka ngakhale chaka chitapitirira. Sindikulonjeza mwana, ndingakunamize. Ndiponso ngakhale msambo ubwerere, ukhoza kudzaleka msanga kuposa anzako a msinkhu wako. Ukapitanso kukaonana ndi adokotala, kaya ku Chipata Central Hospital kaya ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ukanene poyera kuti ukufuna mwana wina, ufunse za kuyeza magazi koona mahomoni monga FSH. Mtunda wopitirira makilomita 500 wa Great East Road suuyendera kuti ukagwedeze mutu n'kubwerako. Mafunso ulembe pa pepala usanakwere basi, chifukwa m'chipinda muja munthu amaiwala.

Tsopano mvetsera bwino apa, pakuti ndi pamene ambiri amagwa. Kusasamba sikutanthauza kuti sungatenge pathupi. Dzira limayamba kutuluka, magazi amabwera pambuyo pake patatha masabata awiri. Ukhoza kuima usanaone ngakhale dontho. Ndipo ngati anakupatsa tamoxifen, kapilitsi kamodzi patsiku koteteza kuti khansa isabwerere, kamene amamwa zaka 5 mpaka 10, dziwa kuti kamasokoneza msambo koma sikalera, ndipo kamatha kuvulaza mwana wa m'mimba. Uyenera kulera. Koma pa mzere wa kulera ku kiliniki usangotambasula mkono. Jakisoni wa miyezi itatu, mapilitsi, ndi kaja koika pamkono zonse zili ndi mahomoni, ndipo wodwalapo khansa ya m'bere samupatsa zimenezo. Zako ndi kondomu kapena lupu ya kopa. Uwauze anamwino matenda amene unadwala, uwaonetse khadi lako, usachite manyazi.

Pa khansa ya m'bere madokotala kawirikawiri amati dikira zaka ziwiri usanayese kutenga mimba, chifukwa matenda akafuna kubwerera amakonda nthawi imeneyo. Kafukufuku wa m'maiko ambiri amene zotsatira zake zinatuluka mu 2023 anaonetsa kuti akazi amene amwa mapilitsi onga tamoxifen kwa miyezi 18 mpaka 30 angathe kuwaimitsa kwa kanthawi, kubereka, n'kuyambiranso, popanda khansa kubwerera mochuluka m'zaka zoyambirira. Koma zimenezo amakonza ndi adokotala. Usadzaleke wekha mwakachetechete pofuna kutseka pakamwa pa apongozi. Ndipo udziwe kuti ana obadwa mayi atachira sabadwa olumala kuposa ana ena, ndipo khansa sayamwira.

Za mimba yotupa zija ndinazimva ndili namwali, ndipo nthawi imeneyo tonse tinkakhulupirira kuti mkazi akaleka kusamba, za mwamuna zimaunjikana m'mimba posowa chozitsuka. Si zoona. Thupi limachotsa lokha, msambo ulipo kapena palibe. Mwambo wathu ndimaulemekeza. Mchere ndinasiya kuthira m'ndiwo masiku anga onse a kumwezi, ndipo sindinena kuti wina aleke. Koma chiphunzitso ichi chapasula mabanja ambiri, chatumiza amuna kunja kukatenga matenda. Chopweteka china n'chakuti mayi akayamba kutupa mimba chifukwa cha chotupa chenicheni, anthu amati waphwanya mwambo, iye n'kubisala m'nyumba mpaka nthawi yatha.

Chimene ungakumane nacho m'chipinda ndi kuuma ndi kuwawa, chifukwa mahomoni achepa. Si kuti chikondi chatha. Ku famase kuli mafuta opangidwa ndi madzi ofewetsera kumeneko. Vaselini ndi mafuta ophikira zimang'amba kondomu. Mankhwala oumitsa aja amene ena amaphunzitsa kuika kumaliseche, ataye kutali, angakuchekecheke. Za thukuta la usiku, gona ndi chitenje chopepuka m'malo mwa bulangete, ika kapu ya madzi pambali pa bedi, chepetsa tsabola ndi tiyi wotentha madzulo. Zikakulanda tulo, unene ku chipatala, mankhwala opanda mahomoni alipo. Mafupanso amafooka msanga msambo ukaleka munthu ali wamng'ono. Kapenta wodya ndi minga yomwe, bonongwe, chibwabwa chotendera, mkaka ukapezeka, ndi kuyenda pansi tsiku ndi tsiku, zimenezi zikhale zako.

Mau anga otsatirawa uwawerengere amuna ako. Bambo, mkazi wanuyu anachoka pakamwa pa imfa. Pomwe amasanza m'beseni, pomwe amabisa mutu m'duku, simunathawe. Musathawe lero chifukwa cha mau a pakhonde. Amayi anu muwayankhe ndinu, mwaulemu, osati kumusiyira mkazi wanu kuti azilimbana nawo. Zikakula itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndi ntchito yawo. Tsiku lopita ku chipatala mupite naye, mulowe limodzi, mumve ndi makutu anu. Kondomu ikatchulidwa musakwinye nkhope. Ndipo amuna nawonso kemo imawachepetsera mbeu, ena kwa zaka, ena mpaka kale. Akanadwala ndinu, mukanafuna iye achite chiyani?

Kwa adzukulu ena amene mukuwerenga: nkhani ya mnzanuyu musaiyese yofanana ndi ya aliyense. Khansa imene ikugwira akazi ambiri m'Zambia muno ndi ya khomo la chiberekero, ndipo amene anawotchedwa ndi makina a cheza (radiotherapy) m'chiuno, kapena kuchotsedwa chiberekero, msambo subwerera ndipo mimba sangatenge. Amenewo asavutitsidwe ndi mafunso a "mwana liti". Iwowo, ndi aliyense amene analekeratu kusamba, akaona magazi, kapena magazi akamabwera atagona ndi mwamuna, asasangalale kuti unamwali wabwerera, apite akapimidwe sabata yomweyo. Amene mwangouzidwa kumene kuti muyamba kemo, funsani za kubereka dripi yoyamba isanalowe, chifukwa pali jakisoni wa mwezi ndi mwezi, goserelin, wogoneka timatumba ta mazira nthawi ya mankhwala, ndipo kwa ena amathandiza kuteteza. Atsikana anu alandire katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019.

Iwe mdzukulu wanga, sabata ino pita ku kiliniki ukayezetse mkodzo kuti titsimikize kuti palibe mimba, ukambe za lupu, ndipo ugule kabuku kolembamo tsiku lililonse limene waona magazi ngakhale ochepa, ndi usiku umene thukuta lakudzutsa. Kabukuko ukapite nako kwa adokotala. Ukabwerako undilembere zimene akuuza.