Alendo 15 pa Khirisimasi, sitovu ya mapuleti awiri: yankho kwa mayi wa ku Rosettenville

Mayi wina wa ku Rosettenville wandilembera imelo. Akuti chaka chino sapita kumudzi, ndiye abale ndi anzawo a kutchalitchi omwe atsala mu Joni muno agwirizana zokadyera Khirisimasi kwa iwo. Anthu 15, ana osawerengera, fulati yaing'ono, sitovu ya mapuleti awiri. Akufunsa kuti: "Nditani kuti tsikulo ndisathere kukhitchini, mtima uli m'mwamba, alendo akungodikira?"

Achemwali, kumudzi chakudya cha anthu 15 saphika munthu mmodzi. Pamakhala azilamu, azakhali, atsikana otunga madzi, moto uli pawiri patatu kuseri kwa nyumba. Inu mukufuna kuchita zonsezo nokha, pomwe mutu umodzi susenza denga. Lembani lero lomwe pa gulu lanu la WhatsApp, koma musati "aliyense abweretse chomwe angathe", chifukwa mudzalandira mabotolo a zakumwa okhaokha. Gawani motchula: amayi awa nkhwani wotendera, awa saladi ya kabichi, abambo makala ndi ayisi. Ena amati kupempha chonchi n'kudzichotsa ulemu. Ine ndikukana. Tonse tikudziwa mtengo wa lendi kuno, ndiponso ndalama zomwe tatumiza kumudzi mwezi uno.

Zanu zikhale zochepa: nkhuku, nyama ya ng'ombe, nyemba, mpunga ndi nsima. Basi.

Ufa, mafuta, mchere ndi zina zosawonongeka gulani pa holide ya pa 16 Disembala. Pa 24 mizere m'masitolo imakhala yosaneneka, ndipo pa 25 ambiri amatseka. Anyezi ndi tomato, sonkhanani anthu angapo mukagule thumba ndi bokosi ku Joburg Market ku City Deep. Ngati pakati pa alendo pali abale athu achisilamu, nyama yonse mukaigule kumabutchala a halaal ku Mayfair kapena ku Fordsburg, kuti musavutike n'kuphika pawiri.

Tsopano nkhani ya nyemba, yomwe imazunguza ambiri obwera kumene. Johannesburg ili pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja yamchere, ndiye madzi amawira asanatenthe kwambiri, pa madigiri pafupifupi 94 m'malo mwa 100. N'chifukwa chake nyemba kuno zimachedwa kupsa kuposa ku Nsanje kapena ku Salima. Mukazitereka m'mawa wa pa 25, puleti imodzi yakuthawani mpaka masana. Zinyikeni usiku wa pa 23, muphike pa 24 pamodzi ndi nyama ya ng'ombe ija. Ndiwo ziwirizi zikagona zimakoma kuposa zophika tsiku lomwelo. Zikangoyamba kuzizira, zigaweni m'timabakuli ting'onoting'ono n'kuika m'firiji pasanathe maola awiri, poti Disembala kuno ndi nyengo yotentha ndipo ndiwo za tomato sizichedwa kusasa.

Nkhuku zichotseni m'firiza madzulo a pa 23, zisungunukire m'firiji pansi penipeni, m'beseni. Zoika padzuwa kapena kusiya m'sinki usiku wonse ayi, mungadwalitse ana a eni. Pa 24 ziduleni, muthire mchere, adyo ndi mandimu.

Tsiku lenilenilo puleti imodzi ndi ya mpunga, inayo yotenthetsera ndiwo, ndipo muzitenthetse mpaka zibwate. Kilo imodzi ya mpunga imakwana anthu ngati 10 pakakhala nsima pambali. Ngati wina anakubweretserani wa Kilombero pa basi, tsiku lake ndi limeneli. Ukapsa, kulungani poto m'thaulo lalikulu, ukhalabe wotentha mpaka nthawi yakudya, puleti n'kupeza mpata. Nkhuku apatseni abambo akaotche pabwalo, ngati eni nyumba amalola. Moto ayatse isanakwane 11 koloko, chifukwa mvula ya mabingu ya kuno imakonda kugwa masana dzuwa likapendeka. Ngati muli ndi kasilinda ka gasi, kadzazitseni sabata ino, mudzazenso madzi m'zigubu. Magetsi kapena madzi akathima tsikulo, musadzasowe pogwira.

Nsima yokha ndiyo sifuna kudikira munthu. Muiphike pomaliza, alendo atakhala kale pansi, m'mapoto awiri apakati m'malo mwa chimphika chimodzi chomwe kapuleti ka magetsi sikangachikwanitse. Sankhiranitu mayi mmodzi wa dzanja lamphamvu woti adzakuthandizeni kuvundula ndi kuomola, mumuuze lero kuti adzafike msanga. Ena onse ofuna kuthandiza apatseni ntchito ya pabalaza, monga kusambitsa anthu m'manja ndi kugawira ana, chifukwa khitchini ya fulati ikalowa anthu anayi palibe chimayenda.

Mukatha kudya, mpunga wotsala usakhale pathebulo mpaka madzulo pamene anthu akucheza, chifukwa m'nyengo yotentha umatsegula m'mimba ngakhale ukuoneka bwinobwino. Uzani alendo abwere ndi timabakuli tawo, muwapakulire nthawi yomweyo. Mbale atsuke achinyamata, mapoto muwanyike m'madzi. Pa 26 ndi holide, mudzawakwecha mutapuma.