Andichotsa ntchito ndili pa IVA: ndalama zondipepesa nazo ndi zanga zonse?

Funso: Zikomo akonzi. Ndimakhala ku Leeds ndipo ndili m'chaka chachitatu cha IVA, mgwirizano wobweza ngongole mwezi ndi mwezi. Kampani yathu ikuchepetsa antchito, ine ndili m'gulu lochotsedwa. Akuti andipatsa £14,000. Pamwezi ndimalandira £1,800 akachotsa msonkho. Alamu anga akuti ndalamazi zilowe mu akaunti yawo, tizitumize kumudzi. Nditani? Mayi wa ku Leeds

Yankho: Pepani mayi ndi za ntchitozo, koma nzeru ya alamuyo isiyeni. Supervisor wanu, katswiri woyang'anira IVA uja, amaona mapepala a malipiro ndi a kubanki chaka chilichonse, ndipo £14,000 siibisika. Akadziwa kuti munabisa akhoza kuthetsa mgwirizano. Zikatero ngongole zimabwereranso, amene anakukongozani nkuyambanso kuikapo chiwongoladzanja, mwinanso kupempha khoti likulengezeni bankrupt, kutanthauza munthu wolephereratu kubweza ngongole.

Ma IVA ambiri ku England amatsata malamulo a IVA Protocol. Malamulowo amati muuzeni supervisor pasanathe masiku 14 chilandirireni kalata yokuchotsani ntchito, musadikire kuti ndalama zifike kaye. Zikafika, mumasunga zofanana ndi malipiro a miyezi 6, ndipo zapamwamba mumapereka pasanathenso masiku 14. Kwa inu ndiye £1,800 kuchulukitsa ka 6, £10,800. Zopita ku IVA ndi £3,200. Tsegulani chikalata chanu cha IVA muwerenge ndime ya redundancy (kuchotsedwa ntchito chifukwa kampani ikuchepetsa antchito), chifukwa ena anasaina mfundo zosiyanako.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa: £10,800 ija si mphatso yokamangira nyumba kumudzi. Ili m'malo mwa malipiro, yoti mulipirire lendi, chakudya, komanso chopereka chanu cha IVA cha pamwezi. Mukapeza ntchito ina patatha miyezi 2, yembekezerani kuti supervisor aitanitsa zotsalazo. Miyezi 6 ikatha ntchito isanapezeke, pemphani kuti akupumitseni kulipira kwa kanthawi. Miyezi yopumayo amaiwonjezera kumapeto.

Tsono za akaunti. Ndalama zilowe mu akaunti ya dzina lanu, ku banki yomwe mulibe nayo ngongole. Banki yomwe muli nayo ngongole ikhoza kuimitsa akaunti kapena kudzidulira pa zomwe zalowa, ndipo pofika pothetsa mkanganowo lendi imakhala itakwana kale. Samalani ndi mabanki a mwini mmodzi, chifukwa ngongole ya ku banki imodzi ikhoza kukhudza akaunti ya ku inzake: Halifax, Lloyds ndi Bank of Scotland ndi amodzi, NatWest ndi Royal Bank of Scotland chimodzimodzi, HSBC ndi First Direct nawonso. Ngati mukufunika yatsopano, pemphani basic bank account, yopanda overdraft (mwayi wotapa ndalama zoposa zomwe zilimo) komanso yosalipiritsa pamwezi, ndipo nambala yake mukaipereke ku ofesi ya malipiro lisanafike tsiku lolandira.

Auzeni abwana akulembereni padera ndalama za redundancy, za notisi ndi za masiku a tchuthi. Msonkho sukhudza £30,000 yoyamba ya redundancy, koma za notisi ndi za tchuthi amadula ngati malipiro wamba, ndipo supervisor adzafuna kuona kagawidwe kameneka. Mukasemphana naye pa masamu, mabungwe othandiza anthu a ngongole a StepChange ndi National Debtline amalangiza mwaulere.