Kodi zala za abambo sizimva kukhakhala kwa nsalu?

FUNSO: Akonzi, ine ndimagulitsa nsalu ndi zitenje mumsika wa Limbe. Amayi akafika pabenchi langa amayamba atikita nsalu ndi zala, ena mpaka kuikhudzitsa patsaya, pomwe abambo ambiri amangoloza mtundu n'kufunsa mtengo. Bambo akunyumba nawonso sasiyanitsa thonje ndi polyester. Ndilinso ndi makasitomala ochokera kuzambwe kwa Africa omwe amakana nsalu yofewa imene ife timaitama, n'kumafuna youma gwa. Kodi timabadwa ndi khungu losiyana, kapena ndi chizolowezi chabe? Ndine mayi wa ku Bangwe, Blantyre.

YANKHO: Mayi, zomwe mwaonazo ndi zoona, koma mbali yaikulu ya kusiyanaku ili m'chizolowezi, ndipo ya chibadwa ndi yochepa. Mu 2009, akatswiri a pa yunivesite ya McMaster ku Canada anayesa amuna ndi akazi 100 powakhudzitsa kunsonga ya chala tizipangizo tokhala ndi timizere tating'onoting'ono. Akazi anaposadi amuna pozindikira timizereto, koma akatswiriwo atayeza kukula kwa zala anapeza kuti nkhani yagona pamenepo: chala chaching'ono chimamva bwino chifukwa timitsempha tomvera timakhala tothithikana. Choncho mwamuna wa zala zazing'ono amamva mofanana ndi mkazi wa zala zotero. Zikang'a za khasu kapena za ntchito ya umakaniko zimachepetsanso kumva, ndipo ukalamba umatero kwa aliyense.

Komabe musafulumire kuweruza bambo akunyumbawo. Telala wachimuna amene wasoka masuti zaka zambiri amadziwa nsalu yonyenga akangoifinya m'dzanja n'kuona mmene ikubwererera, ndipo pa luso limeneli amaposa amayi ambiri. Kuno kwathu mtsikana amakula akuchapa, kusita ndi kuberekera mwana pachitenje, motero amadziwa msanga kuti nsalu yoterera imamasuka pachifuwa pomwe ya thonje imagwira mfundo. Mnyamata amene sanapatsidwe ntchito zimenezi alibe poyambira, ngakhale zala zake zili bwinobwino.

Za makasitomala anu akuzambwe, dziwani kuti akumva zomwe inu mukumva, kungoti akuzitanthauzira mwina. Ku Mali ndi ku Senegal nsalu yaulemu ndi bazin, yomwe amainyika mu utomoni wa mtengo kenako n'kuimenya ndi zibonga zamatabwa mpaka itauma ndi kunyezimira. Munthu akavala mkanjo wake paukwati, nsaluyo imaima yokha ndipo imachita phokoso akamayenda, zomwe kumeneko zimasonyeza kuti chovalacho ndi chatsopano komanso chodula. Ku South Africa nakonso, ogula nsalu yotchedwa shweshwe ya kampani ya Da Gama amaizindikira kuti ndi yeniyeni poona kuuma kwa sitachi ndi fungo lake, ndipo amadziwa kuti ifewa akaichapa. Pomwe pamsika wanu, mayi akatikita ngodya ya chitenje n'kuona ufa woyera ukuyoyoka, amaganiza kuti sitachiyo akubisira ulusi wotalikirana, ndipo nthawi zambiri salakwitsa.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. M'zaka za m'ma 1970, Sueo Kawabata wa pa yunivesite ya Kyoto ku Japan anapanga makina oyeza mmene nsalu imapindikira, kutamuka, kufinyika ndi kusalala, pofuna kuika m'manambala zomwe akatswiri a m'mafakitale ankamva ndi manja. Pambuyo pake nsalu za masuti aamuna zinaperekedwa kwa akatswiri a mayiko angapo kuti aziike m'magulu. Pa nsalu za nyengo yozizira anagwirizana ndithu, koma pa za nyengo yotentha a ku Japan anasiyana kwambiri ndi a ku Australia. A ku Japan anakonda youma ndi yokhakhala pang'ono, chifukwa chilimwe chawo chimakhala cha chinyezi ndipo nsalu yotero simatirira pathupi la thukuta, pomwe anzawowo anasankha yofewa ndi yosalala. Amene anakhalapo ku Nsanje mwezi wa Okutobala sangadabwe ndi maganizo a ku Japan amenewa.

Pali chinthu chimodzi chomwe sichisankha mtundu wa anthu, ndicho kubaya kwa juzi ya ubweya wa nkhosa. Ambiri amati thupi lawo limadana ndi ubweya, koma kawirikawiri chimachitika n'chakuti nsonga za ubweya wonenepa kuposa ma micron 30 (ma micron 1,000 amapanga milimita imodzi) sizipindika zikakhudza khungu, choncho zimabaya, makamaka munthu akatuluka thukuta. Ubweya wopyapyala wa nkhosa za merino suvuta chotero.

Pa malonda anu, kasitomala wachimuna muzimupempha kuti ayese nsalu mkati mwa mkono kapena pakhosi, pomwe khungu ndi lopyapyala, m'malo mongodalira zala. Muzisunganso kachidutswa kochapa kale ka mtundu uliwonse wa nsalu pambali pa yatsopanoyo, kuti wofuna youma ndi wofuna yofewa yemwe adziwiretu mmene idzakhalire ikalowa m'madzi kawiri kapena katatu.