Bambo akuti udokotala basi, mwana akufuna kafukufuku wa khansa

"Ndili Fomu 4. Ndinawerenga za tinthu ting'onoting'ono totchedwa nanoparticles timene tingathandize kuzindikira khansa ikayamba kufalikira, ndipo ndikufuna kudzagwira ntchito imeneyi. Bambo anga akuti ndidzasankhe udokotala ku KUHeS, zinazi ndi maloto. Ndichite bwanji?"

Makalata otere amachuluka nthawi yosankha makosi ikayandikira. Mwanawe, uyambe wadziwa kaye chimene ukuchikondacho.

Maselo a khansa akamalowerera m'minofu yoyandikana nawo amadalira ma enzyme (mapulotini ofulumizitsa ntchito zina m'thupi) monga MMP-2 ndi MMP-9, amene amadula collagen womanga minofuyo, monga chiswe chimadyera nsichi. Gulu la Pulofesa Sangeeta Bhatia ku yunivesite ya MIT, ku America, linapanga ma nanoparticles achitsulo, tinthu tokutidwa ndi timapulotini tifupitifupi totchedwa peptides. Tinthuto tikabayidwa m'thupi n'kufika pa chotupa, ma enzyme aja amadula timapulotinito, tizidutswa take n'kutulukira mu mkodzo. Luso lake lili apa: sakungofufuza ngati enzyme ilipo, akuyeza ngati ikugwira ntchito. Mu 2014 anaonetsa kuti tizidutswato tingaoneke pa kapepala koyezera, koma anayesera pa mbewa za mu labu. Usaganize kuti ukamaliza digiri yoyamba udzakhala ukubaya odwala tinthu timeneti. Ulendowu umadutsa ku Masters ndi PhD, zaka zambiri ukutsuka mabotolo ndi kubwereza zoyesa zimene zakanika.

Tsono zonsezi ndi Chemistry. Kulumikiza peptide pa kanthu kachitsulo, kuti kasaundane m'magazi, kuti kadulidwe ndi enzyme yoyenera yokha, ndi ntchito ya wodziwa Chemistry ndi Biochemistry. Leka kusakasaka kosi yolembedwa kuti nanotechnology, luso la tinthu ting'onoting'onoti. BSc ya Chemistry ku University of Malawi ku Zomba ndi maziko olimba, ngakhale anzako amaiona ngati yogwerako akalephera kwina. Biomedical Engineering ku MUST kapena MUBAS ndi njira inanso. Ukakhoza bwino, South Africa ili ndi MSc ya Nanoscience ku University of the Western Cape ndi University of Johannesburg, ndipo Pulofesa Tebello Nyokong wa ku Rhodes University ndi wodziwika pa kafukufuku wolimbana ndi khansa pogwiritsa ntchito kuwala.

Bambo, inu mwandikwiyitsa pang'ono. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri, makamaka chifukwa chopezeka mochedwa. Dokotala amachiza zimene woyeza wapeza. Mwana wofuna kukonza njira zoyezera simungamutche wolota, ndipo womukakamiza udokotala amakavutika zaka zonsezo mtima uli kwina.

Koma nawenso, kalata yako sinatchule n'komwe mmene ukukhozera Chemistry, Biology ndi Masamu. Kuwerenga nkhani pa intaneti n'kosavuta. Ngati maphunziro atatuwa akukuvuta, konza zimenezo MSCE isanafike. Ngati ukuwakhoza, ika Chemistry patsogolo pa fomu yako ndipo ukawafotokozere bambo chifukwa chake mwaulemu.